Za Ana a Herod, ndi Mlandu wa Masiye a Atate Wao

Mphunzitsi aliyense amene anawerengapo ndi ana ake mutu wachiwiri wa Mateyu adziwa kuti pali funso limene silichedwa kutuluka. Mwana wochenjera aimika dzanja, nafunsa kuti, Nanga Yosefe anaopa chiyani pobwera kuchokera ku Egypt, popeza mfumu yofuna kupha Mwanayo inali itafa kale? Ndipo bwanji anaopa mwana mmodzi wa Herod wolamulira ku Judea, osaopa mnzake wolamulira ku Galilee, ngakhale onse awiri anali a bambo mmodzi, ndi a mimba imodzinso? Funso limeneli si lachibwana ai, ndipo mphunzitsi wongoti, Khala chete, tiwerenge, ataya mwayi. Yankho lake lili m'mlandu wa masiye umene ana a Herod anatengerana kwa Kaisara ku Rome, ndipo ndifuna kuufotokoza pano monga unayendera.

Mbiri yake anatisungira Myuda wina dzina lake Josephus, wobadwa m'chaka cha 37 A.D., amene anailemba kawiri: poyamba m'buku lake la nkhondo ya Ayuda ndi Aroma, pambuyo pake m'buku lalikulu la mbiri ya mtundu wake. Iye sanaone zimenezi ndi maso. Zambiri anazitapa m'zolemba za Nicolaus wa ku Damascus, nduna ndi bwenzi la Herod, amene anaimanso pa mlanduwo kunenera mbali imodzi. Chifukwa chake tiyende mochenjera, monga achitira akulu pa bwalo pamene mboni ili mbale wake wa mwini mlandu. Maina ndawalemba monga ali m'mabuku a mbiri. M'Buku Lopatulika mudzawapeza atalinganizidwa ndi lilime lathu: Herod ndiye Herode, Archelaus ndiye Arikelao, Philip ndiye Filipo, ndi Augustus ndiye Kaisara Augusto. Ndipo za chaka: Herod anafa mu 4 B.C., ndipo ana adzakudodometsani nako kuti, Anafa bwanji Khristu asanabadwe, iye amene anafuna kupha Khristu? Cholakwa chili kwa mmonke Dionysius Exiguus, amene m'chaka cha 525 anawerengera zaka, naika chiyambi chake mochedwa pang'ono. Ambuye anabadwa Herod akali moyo.

Tisanalowe m'nkhani tiyang'ane mau athu. Masiye achokera ku mneni kusiya, ndiwo zosiyidwa ndi wakufa, kaya chuma, kaya nyumba, kaya ana. Chifukwa chake tinena chuma cha masiye, ndi mwana wamasiye. Cholowa chichokera ku kulowa, ndipo chiyang'ana kwa wolandirayo, monga umo tinenera kuti uje walowa dzina, kapena walowa ufumu. Koma kalata imene munthu alemba akali moyo, yonena magawidwe a zake atafa iye, makolo athu analibe dzina lake, pakuti analibe kalata. Iwo ankati womwalirayo anasiya mau. Lero anthu aitcha wilo. Ine m'nkhani ino ndidzati kalata ya masiye.

Herod sanabadwe mfumu. Anali wa mtundu wa ku Idumea, ndipo ufumu anaulandira kwa akulu a ku Rome mu 40 B.C., nalanda Jerusalem mu 37 B.C. pothandizidwa ndi asilikari a Aroma. Ichi muchigwiritse, pakuti mlandu wonse utsamira pamenepa: ufumuwo unali ngati munda wobwereka. Augustus anamlola kusankha yekha mwa ana ake womlowa m'malo, koma mau otsiriza anatsala kwa mwini munda.

Anakwatira akazi khumi, ndipo nyumba yake inadzala nsanje ya mitala. Mariamne, mkazi amene anamkonda koposa onse, wa banja la mafumu akale a Ayuda, anamupha mu 29 B.C. Ana aamuna awiri a mkaziyo, Alexander ndi Aristobulus, amene anthu anawayesa olowa ufumu, anawanyonga ku Sebaste cha m'ma 7 B.C., atanenezedwa ndi mkulu wao Antipater, mwana wachisamba wa kwa mkazi woyamba. Pamenepo kalata ya masiye inatchula Antipater. Koma posakhalitsa kunaululika kuti Antipater yemweyo anakonza mankhwala ophera atate wake. Anamangidwa, ndipo Herod, atayamba kale kudwala, analemba kalata ina, nalumpha Archelaus ndi Philip, amene Antipater anawaipitsa kwa iye ndi makalata onama, napereka ufumu kwa Antipas wamng'ono. Iyi ndiyo kalata yoyamba ya ziwiri zimene anakanganirana ku Rome.

Yachiwiri inalembedwa motere. Herod, wa zaka ngati 70, anagona ku Jericho ndi nthenda yowawitsa. Tsiku lina ululu utamkulira anafuna kudzibaya ndi mpeni wosendera chipatso, koma mbale wake anamgwira dzanja. Kulira kunamveka m'nyumba monse, ndipo Antipater ali m'ndende anayesa kuti atate wake watsirizika, nayamba kunyengerera mlonda kuti ammasule. Mlondayo anakanena kwa mfumu, ndipo mfumu inalamula kuti Antipater aphedwe pomwepo. Itatero inasinthanso kalata. Tsopano ufumu unapita kwa Archelaus. Antipas anatsitsidwa kukhala chiwanga, ndiko kuti wolamulira chigawo, wa Galilee ndi Perea. Philip analandira maiko a kumpoto chakum'mawa kwa nyanja ya Galilee. Ndi Salome, mlongo wake wa Herod, analandira midzi itatu, Jamnia, Azotus ndi Phasaelis, pamodzi ndi ndalama zambiri. Kaisara ndi mkazi wake anawasiyiranso chuma chochuluka. Atapha Antipater, Herod anakhala masiku asanu okha, namwalira.

Ptolemy, wosunga mphete ya chidindo cha mfumu, anawerenga kalatayo pamaso pa asilikari ndi anthu m'bwalo la masewera la ku Jericho, nawauza kuti sidzakhala ndi mphamvu kufikira Kaisara ataitsimikiza. Asilikari anafuula kulonjera Archelaus monga mfumu. Iye anaika maliro a atate wake ku Herodium, kufupi ndi Bethlehem, nalira masiku asanu ndi awiri monga mwa mwambo wa Ayuda. Ndipo pokwera ku Kachisi anauza anthu kuti sadzavala chisoti chachifumu Kaisara asananene. Kufikira pamenepa anachita mwanzeru. Anthu anapempha kuti achepetse msonkho ndi kumasula a m'ndende, iye navomera. Koma panali chilonda china chosapola. Masiku owerengeka Herod asanafe, aphunzitsi awiri a chilamulo, Judas ndi Matthias, anautsa ophunzira ao kuti agwetse chiombankhanga chagolidi chimene mfumu inaika pamwamba pa chipata cha Kachisi, ndipo Herod anawatentha amoyo. Tsono okonda aphunzitsiwo anayamba kuwalira poyera, nafuna kuti alangidwe amene anathandiza kuwapha, ndi kuti achotsedwe mkulu wa ansembe woikidwa ndi Herod. Inali nyengo ya Paskha, mudzi utadzala alendo. Archelaus anatuma kazembe kukawatonthoza, iwo namponya miyala. Anatuma gulu la asilikari, nachita nalo chimodzimodzi. Pamenepo anatulutsa nkhondo yake yonse, ya pansi ndi ya pa akavalo. Josephus anena kuti anafa anthu ngati 3,000, ndipo otsala anauzidwa abwerere kwao, chikondwerero chisanathe.

Ndi mwazi umenewu m'manja Archelaus anatsikira kunyanja kunka ku Rome, nasiya Philip asunge dziko. Anatenga amake Malthace, Msamariya, ndi Nicolaus womnenera. Salome anapita naye pamodzi ndi ana ake, pakamwa akunena kuti akamthandiza, mumtima atatsimikiza kukamtsutsa. Antipas nayenso ananyamuka ndi kalata yoyamba ija, ndi katswiri wa kulankhula dzina lake Irenaeus, amene anamlimbitsa mtima kuti asagonjere mkulu wake. Atafika ku Rome, abale ambiri anapatukira kwa Antipas. Sanatero pomkonda iye, koma podana ndi Archelaus. Chimene anachifuna koposa ndicho kukhala pansi pa kazembe wa Aroma popanda mfumu, ndipo chikakanika chimenecho, Antipas.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa cha inu ophunzitsa m'midzi ya Achewa. Mwana woleredwa m'mwambo wa mbumba, akamva kuti mfumu inali ndi mlongo, ndi kuti mlongoyo anali ndi mwana wamwamuna, adzayesa kuti ameneyo ndiye woyenera kulowa dzina la atsibweni ake, ndi kuti ana a Herod anali kulimbirana chinthu cha eni. Mumuuze kuti kwa Ayuda cholowa chinatsata bambo. Chilamulo cha Mose chinapatsa mwana wachisamba magawo awiri, ndipo ana aakazi analowa pokhapokha panalibe mwana wamwamuna. Komabe mwanayo sadzalakwa konsekonse, pakuti Salome anachita pa mlanduwo monga achita amai aakulu a mbumba posankha mfumu: sanafune mpando, koma anafuna kuti mau ake amveke pa wokhalapo. Ndipo woimirira kutsutsa Archelaus anali mwana wake wa Salome yemweyo, dzina lake Antipater, wina wosiyana ndi wophedwa uja.

Augustus anawerenga makalata a mbali zonse ziwiri, ndi mawerengero a chuma cha dzikolo, nasonkhanitsa aphungu ake. Pa mpando woyamba anakhazika Gaius, mdzukulu wake amene anamlera ngati mwana. Antipater anayamba. Anati Archelaus wadza kudzapempha ndi pakamwa chinthu chimene anachitenga kale ndi manja: anakhala pa mpando wachifumu, anaweruza milandu, anasintha akulu a asilikari, anamasula amene atate wake anawamanga, ndipo Kaisara wamsiyira dzina lokha loti apereke. Anati maliro a atate wake anawalira monyenga, usana nkhope yachisoni, usiku phwando ndi kuledzera. Anakumbutsa za mitembo younjikana m'Kachisi pa tsiku la chikondwerero. Potsiriza anafika pa mutu wa mlandu, nati kalata yoona ndiyo yoyamba, yolembedwa Herod akali ndi nzeru zake zonse. Yachiwiriyo anailemba mutu utasokonezeka ndi nthenda, osadziwa chimene analikuchita.

Amene anakhalapo pa milandu ya masiye adzazindikira mau amenewa, pakuti ndiwo oyamba kutuluka kulikonse kumene mwana saona dzina lake pamene analiyembekeza: bambo anali atadwala, sanadziwe chimene ananena, anamgwira dzanja ndi uje. Ngakhale lamulo la chuma cha masiye la dziko la Malawi, la chaka cha 2011, lifuna kuti wolemba wilo akhale wa nzeru zabwino, ndi kuti asaine pamaso pa mboni ziwiri, chifukwa cha makani omwewa.

Nicolaus anayankha mwachidule. Anati ophedwa m'Kachisi ndiwo anayamba chiwawa, napha asilikari otumidwa kukawaletsa, ndipo anali adani a Kaisara yemwe, si a Archelaus yekha. Anati zina zimene atsutsa nazo Archelaus anamlangiza ndi omwewo amene tsopano aimirira kumneneza. Ndipo za kalata anati: m'kalata yotsirizayo Herod anaika zonse m'manja mwa Kaisara kuti atsimikize ndiye; munthu amene anali ndi nzeru zakudziwa woyenera kuweruza, analinso ndi nzeru zakudziwa woyenera kulowa. Mau amenewa ndi ochenjera, koma muone kuchenjera kwake kuli pati. Saonetsa konse kuti Herod anali bwino m'mutu. Angomanga Kaisara, pakuti akati kalatayo ndi ya munthu wopenga, ndiye kuti wovomereza ulamuliro wake anali wopenga. Komanso mbali ya Antipas sinali yolimba monga inamvekera. Kalata yao inalembedwa Herod atagwidwa kale ndi nthenda, ali ndi mkwiyo wochokera m'mabodza a mwana amene pambuyo pake anamupha. Kunena zoona, ine sindiona kalata ya Herod ngakhale imodzi imene inalembedwa ndi mtima wokhazikika.

Nicolaus atatha, Archelaus anagwa pa mapazi a Kaisara. Augustus anamuutsa mokoma, nati ayenera kulowa m'malo mwa atate wake, koma sanagamule kanthu tsiku limenelo. M'masiku akudikirawo Malthace anadwala namwalira ku Rome, osaona kuti mlandu wa ana ake awiri udzatha bwanji.

Ana ali kukangana kutsidya la nyanja, kumudzi kunayaka moto. Sabinus, woyang'anira chuma cha Kaisara m'dziko la Syria, anathamangira ku Jerusalem kukalemba katundu wa womwalirayo, ngakhale Varus, kazembe wa Syria, anamuuza adikire chigamulo. Anachita monga achita abale ena amene afika pa maliro ndi ngolo. Analanda nyumba ya mfumu, nafunafuna chuma mwaukali, kotero kuti pa chikondwerero cha Pentekoste anthu anamuukira. Pa nkhondoyo makonde a Kachisi anatenthedwa, asilikari anafunkha mosungira chuma chopatulika, ndipo Sabinus mwini anatengapo matalente 400. Ndipo talente limodzi linaposa malipiro a wantchito wamba a zaka khumi. Kumidzi kunabuka ofuna ufumu: Judas mwana wa Hezekiah analanda zida ku Sepphoris m'Galilee, Simon, kapolo wa Herod, anadziveka chisoti natentha nyumba yachifumu ya ku Jericho, ndi mbusa wina, Athronges, anachita chomwecho ndi abale ake anai. Varus anatsika ndi magulu awiri aakulu a nkhondo. Sepphoris, mudzi wosatalikira ku Nazareth koposa ulendo wa ora limodzi ndi theka, unatenthedwa, ndi anthu ake anagulitsidwa ukapolo, Emmaus unatenthedwanso, ndipo anthu ngati 2,000 anapachikidwa pa mitanda.

Pamenepo panalowa mbali yachitatu, imene kalata zonse ziwiri sizinaifunse kanthu, ndiwo anthu a dzikolo. Varus analola akulu 50 a Ayuda kupita ku Rome, ndipo Ayuda okhala komweko oposa 8,000 anaima nao. Philip anadzanso, atalangizidwa ndi Varus, kuti athandize Archelaus, ndi kuti asasowe gawo ngati dziko ligawidwa. Augustus anawamvera m'kachisi wa Apollo, pa phiri la Palatine. Akuluwo sananene za kalata iyi kapena iyo. Anawerenga zoipa za Herod, kupha kwake, kulanda kwake, ndi kukometsa midzi ya alendo ndi chuma cha anthu ake. Nati mwana wake waonetsa kale pa Paskha kuti ndi mwana wa bambo wake. Anapempha kuti ufumu uthe, dziko liphatikizidwe ku Syria, iwo asunge malamulo a makolo ao pansi pa kazembe wa Aroma. Nicolaus anaimanso, nati mtunduwo ndi wosamvera mafumu chibadwire.

Patapita masiku owerengeka Augustus anagamula. Anatsata kalata yotsiriza m'magawidwe a dziko, koma anachotsamo chinthu chimodzi chimene onse anadzera, ndilo dzina la mfumu. Archelaus analandira Judea, Samaria ndi Idumea, ndi dzina lochepa lotanthauza wolamulira mtundu, nalonjezedwa kuti adzatchedwa mfumu akadzaonetsa kuti ayenera. Antipas anakhala chiwanga cha Galilee ndi Perea, ndi msonkho wa matalente 200 pa chaka, wosakhala pansi pa mkulu wake. Philip analandira maiko ake ndi matalente 100. Za Archelaus, Josephus alemba matalente 400 m'buku limodzi ndi 600 m'linzake. Midzi ya Gaza, Gadara ndi Hippos inachotsedwa nipatsidwa ku Syria. Salome analandira zonse zomlembera mlongo wake, naonjezeredwa nyumba yachifumu ya ku Ascalon. Chuma chimene Herod anasiyira Kaisara, Augustus anachigawira ana a womwalirayo, nasungako tinthu towerengeka ta chikumbutso. Akulu 50 aja anabwerera chimanjamanja.

Tsono mwana uja mungathe kumyankha. Yosefe anamva za wolamulira amene anayamba ndi kupha anthu m'Kachisi ufumu usanatsimikizike nkomwe. Za Antipas kunalibe mbiri yotere nthawi imeneyo, ndipo chigamulo cha Kaisara chinaika Galilee kunja kwa dzanja la Archelaus. Mateyu aonjeza kuti anachenjezedwanso m'kulota. Koma musauze ana kuti ku Galilee kunali mtendere wokhawokha. Yosefe anakakhala pafupi ndi mudzi umene Varus anautentha, umene Antipas anaumanganso pambuyo pake. Ndipo mukafika pa fanizo la m'mutu 19 wa Luka, la munthu womveka wopita kutali kukalandira ufumu, anthu ake natuma mithenga pambuyo pake yomkana, kumbukirani kuti Ambuye analinena ali pa njira yochokera ku Jericho, kumene Archelaus anamanganso nyumba yachifumu yotenthedwa ija. Ophunzira Malembo ambiri aganiza kuti akumva fanizolo anakumbukira ulendo wa Archelaus ndi wa akulu 50 aja, ndipo ine ndigwirizana nao.

Archelaus dzina la mfumu sanalilandire konse. M'chaka cha 6 A.D. akulu a Ayuda ndi a Asamariya, anthu osamwerana madzi, anamneneza onse kwa Kaisara chifukwa cha nkhanza zake. Anaitanidwa ku Rome, nathamangitsidwa ku Vienne m'dziko la Gaul, chuma chake nichilandidwa. Judea inaikidwa pansi pa kazembe wa Aroma, monga anapempha akulu aja zaka zisanu ndi zinai m'mbuyomo; woyamba anali Coponius, ndipo wachisanu anali Pilato, amene analamulira kuyambira 26 kufikira 36 A.D. Ichi ndicho chifukwa chake pa tsiku la kuweruzidwa kwa Ambuye mupeza kazembe wa Aroma m'Jerusalem, natumiza wamlandu wa ku Galilee kwa Herod wina, ndiye Antipas, yemwe uja anadula mutu wa Yohane Mbatizi. Philip, amene sanalimbirane ndi munthu, analamulira mwabata, namanga Caesarea Philippi, namwalira m'dziko lake cha m'ma 34 A.D., wopanda mwana.

Antipas anakhala chiwanga zaka 42. Mu 37 A.D. Kaisara Caligula anapatsa Agrippa, mdzukulu wa Herod, dziko la Philip pamodzi ndi dzina la mfumu. Herodias, mkazi wa Antipas, amene analinso mlongo wake wa Agrippa, sanapirire kuona mlongo wake, amene kale anadya za m'nyumba mwao ali wosauka, atavala chisoti chimene mwamuna wake alibe. Anamkakamiza kufikira anavomera, ndipo mu 39 A.D. Antipas, atakalamba, anaolokanso nyanja kukapempha dzina limene linali m'kalata yoyamba ya atate wake. Agrippa anatumiza kalata yomneneza kuti apangana ndi adani a Rome, ndi kuti wakundika zida zokwanira anthu 70,000. Za zidazo Antipas sanathe kukana. Caligula anamlanda dziko ndi chuma, nazipereka kwa Agrippa, namthamangitsira ku Gaul, dziko lomwelo kumene anapitikitsidwira mkulu wake. Herodias anauzidwa kuti akhoza kusunga chuma chake chifukwa cha mlongo wake, koma anakana, natsata mwamuna wake.